PHUNZIRO 6: KUYAMIKA UFULU UMENE TILI NAWO M'DZIKO LATHU

Kwa mtsogoleri wa mphakati: Phunziro ili likambidwe pamene achikulire ndi achinyamata akhala pamodzi, pakuti zimene ena anaziona ndi maso, ena amangozimva. Musanayambe, wina awerenge Luka 17:11-19, nkhani ya akhate khumi amene anachiritsidwa koma mmodzi yekha n'kubwerera kudzathokoza. Nthawi ikachepa, ligaweni pawiri.

Ulendo wa ku msika

Abale ndi alongo, tiyerekeze mayi wina wa ku Chinsapo amene walawira ndi dengu la tomato kupita ku msika wa m'tauni. Wakwera minibasi yochokera kuno ku Likuni. M'minibasimo muli phokoso. Wina akudandaula za mtengo wa feteleza, wina akuti boma lalephera, kondakitala akumutsutsa, ndipo pa wayilesi anthu akuimba lamya kudzudzula nduna ina mochita kuitchula dzina. Mayi uja watsika, walowa mumsika, wayala tomato wake. Chimene wafunsidwa ndi msonkho wa pamsika basi. Dzuwa litalowa, onse amene amalankhula m'minibasi muja agona m'nyumba zawo.

Kwa mnyamata wa zaka 20, pa nkhaniyi palibe chachilendo. Koma funsani amayi anu kapena agogo anu mmene ulendo womwewu unkakhalira mu 1985. Adzakuuzani kuti pachipata cha msika pankaima anyamata a chipani a malaya ofiira, amene anthu ankawatcha ayufi, ndipo munthu wopanda khadi la chipani sankalowa. Khadi lomwelo linkafunsidwa pokwera basi, nthawi zinanso ngakhale popita kuchipatala. Pali amayi amene anagulitsidwa khadi la mwana wakhanda amene anali kumbuyo. Adzakuuzaninso kuti m'basi anthu ankakamba za mvula, za mpira ndi za maliro. Nkhani ya boma ikafika pakamwa, munthu ankayamba wacheuka.

Kumene tachokera

Malawi analandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964. Mu 1966 lamulo linakhazikitsa kuti dziko lino likhale la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti Wamuyaya. Kuyambira pamenepo, kutsutsana ndi boma kunasanduka kuukira.

Munthu ankatha kumangidwa n'kusungidwa zaka zambiri osazengedwa mlandu. Ndende za Mikuyu ku Zomba ndi Dzaleka ku Dowa zinatchuka ndi zimenezi. Mlakatuli Jack Mapanje, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College, anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera pamaso pa woweruza aliyense. Machipisa Munthali anakhala m'ndende zaka 27. Lamulo la 1966 linkalola boma kulanda katundu wa munthu popanda iye kukadandaula kukhoti. Orton Chirwa, amene anali mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party, ndi mkazi wake Vera anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 m'bwalo la milandu la mafumu, m'mene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Chilangocho chinasinthidwa kukhala chokhala m'ndende moyo wonse, ndipo Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, dziko n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto.

Panalinso zazing'ono zimene zinkakhudza aliyense. Lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, abambo nawo sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Wayilesi inali imodzi, MBC. Mabuku, nyimbo ndi makanema zinkayamba zadutsa ku bungwe lounika, ndipo zambiri zinaletsedwa.

Pali nkhani imodzi imene ife Akatolika tiyenera kuikumbukira modzichepetsa. Mu 1967 a Mboni za Yehova analetsedwa m'dziko muno chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Mu 1972 zikwizikwi za iwo anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zawo zitatenthedwa, ena atamenyedwa, ena ataphedwa. Ambiri a ife tinakhala chete, mwina chifukwa cha mantha, mwinanso poganiza kuti nkhaniyo si yathu popeza sitipemphera nawo. Patapita zaka 20, aepiskopi athu ndi amene ankaopsezedwa. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tisanapitirire, tinene zoona mbali zonse. Kuno ku chigawo chapakati alipo ambiri amene amamukumbukira Kamuzu ndi chikondi, ndipo ali ndi zifukwa zawo. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Misewu, chipatala chachikulu, sukulu ya ulimi ya Bunda, zonsezi zinabwera nthawi yake. Kamuzu yemweyo anavomera zotsatira za chisankho cha 1994 popanda kukhetsa mwazi, ndipo mu Januwale 1996 anapepesa mtundu wa Amalawi chifukwa cha zowawa zimene anthu anakumana nazo mu ulamuliro wake. Phunziro ili silikunyoza chipani chilichonse kapena kutamanda china. Likunena za kayendetsedwe ka dziko kamene kankaika munthu mmodzi pamwamba pa lamulo. Kayendetsedwe kotere n'koopsa ngakhale pampando patakhala munthu wabwino chotani.

Lamulungu la pa 8 Malichi 1992

Linali Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti. M'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya aepiskopi imene pa Chingerezi inkatchedwa Living Our Faith. Anaisainira ndi Ambuye James Chiona a ku Blantyre, Ambuye Matthias Chimole a dayosizi yathu ya Lilongwe, Ambuye Felix Mkhori a ku Chikwawa, Ambuye Alessandro Assolari a ku Mangochi, Ambuye Allan Chamgwera a ku Zomba, Ambuye Gervazio Chisendera a ku Dedza ndi Monsinyo John Roche amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu. Inasindikizidwa mosamala kwambiri ku Balaka, n'kugawidwa m'maparishi apolisi asanadziwe.

Mukaiwerenga lero mungadabwe kuti chinavuta n'chiyani. Kalatayo sinatukwane munthu. Sinapemphe n'komwe kuti Pulezidenti achoke. Inangonena kuti kusiyana pakati pa olemera ndi osauka kukukulirakulira, kuti malipiro a antchito ndi mitengo yogulira mbewu za alimi n'zochepa, kuti m'sukulu ana adzaza ndipo m'zipatala ogwira ntchito ndi operewera. Inadandaula za ziphuphu ndi kukondera, za zopereka zokakamiza, za kuletsa anthu kulowa mumsika chifukwa cha khadi, za anthu osungidwa m'ndende popanda mlandu, ndiponso za mantha amene ankachititsa anthu kubisa maganizo awo. Zonsezi aliyense ankazidziwa. Chachilendo chinali chakuti zanenedwa mokweza, masana, pamaso pa anthu.

Patapita masiku awiri aepiskopi anaitanidwa ku polisi ku Blantyre kumene anapanikizidwa ndi mafunso kwa maola ambiri. Boma linalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Pa msonkhano wa akuluakulu a chipani muno mu Lilongwe, ena ananena kuti aepiskopiwo aphedwe, ndipo kaseti ya mawuwo inatuluka mpaka kumveka kunja kwa dziko. Nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka inatenthedwa. Monsinyo Roche, amene kwawo ndi ku Ireland, anathamangitsidwa m'dziko muno pa Lachisanu Loyera.

Koma aepiskopi sanakhale okha. Ophunzira a ku Chancellor College anayenda mumsewu kuwachirikiza. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anatsika ndege pa bwalo la Kamuzu podziwa kuti amangidwa, ndipo anamangidwadi pomwepo. Mu Meyi antchito a pa fakitale ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, zionetsero zinafalikira, ndipo anthu oposa 30 anaphedwa, ambiri mwa iwo anthu wamba amene mayina awo sanalembedwe m'buku lililonse la sukulu. Abusa a CCAP, Angilikani, Asilamu, maloya ndi amalonda anagwirizana ndi Akatolika kukhazikitsa Public Affairs Committee kuti ikambirane ndi boma. Mayiko othandiza Malawi anaimitsa thandizo lawo lina. Mu Okutobala 1992 Kamuzu analengeza kuti kukhala riferendamu.

Nyali ndi tambala

Pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha pakati pa tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi, ndi nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali. Kuno ku chigawo chapakati ambiri anasankha tambala, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezi. Mwina mumphakati mwanu muno muli ena amene anavotera nyali ndi ena amene anavotera tambala. Taonani tsono: ufulu umene unabwera sunasankhe. Wa tambala anaulandira chimodzimodzi ndi wa nyali. Chipani chimene chinkaletsa kutsutsa boma chinakhala chotsutsa boma kwa zaka 26, chikutetezedwa ndi malamulo atsopanowo, mpaka chinabwereranso m'boma kudzera m'chisankho mu 2020.

Chaka cha 1993 chisanathe, lamulo la zovala linachotsedwa, upulezidenti wamuyaya unathetsedwa, a Mboni za Yehova analoledwanso kupemphera, ndipo amene anathawira kunja anayamba kubwerera kwawo. Mu Disembala asilikali analanda zida za apayoniya. Amene munali mu Lilongwe muno mukukumbukira kulira kwa mfuti masiku amenewo. Chisankho chinachitika pa 17 Meyi 1994, ndipo tsiku lotsatira malamulo atsopano oyendetsera dziko lino anayamba kugwira ntchito.

Zimene malamulo amatipatsa

Mutu wachinayi wa malamulo oyendetsera dziko lino ndi umene umakamba za ufulu wachibadwidwe. Ndime 33 imateteza chikumbumtima ndi chipembedzo cha munthu. Ndime 35 ndi 36 zimateteza kulankhula zakukhosi ndi ntchito ya atolankhani. Ndime 38 imalola kusonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, popanda zida. Ndime 40 imati munthu angathe kuyambitsa chipani, kulowa chimene afuna, kuvota mwachinsinsi ndi kupikisana nawo pa chisankho. Ndime 32 imawonjezera kuti palibe amene angakakamizidwe kulowa gulu lililonse. Apa ndi pamene khadi lokakamiza lija linafera.

Ndime imene banja lililonse la m'makwalala athu ano liyenera kuidziwa bwino ndi 42. Tiyerekeze kuti mwana wanu wagwidwa ndi apolisi usiku ku Mgona kapena ku Biwi. Ayenera kuuzidwa chifukwa chimene wamangidwira, m'chiyankhulo chimene amamva. Ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo asakakamizidwe kuvomera mlandu. Aloledwe kuonana ndi abale ake, loya, dokotala ndiponso wansembe kapena mbusa wake. Pasanathe maola 48 aonekere kukhoti, ndipo ngati maolawo athera pa tsiku limene khoti silikhala, aonekere tsiku loyamba limene khoti likhale. Belo ya ku polisi ndi yaulere. Amene alibe ndalama zolipira loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Tikudziwa kuti si nthawi zonse pamene zimenezi zimatsatidwa. Komabe kholo limene likudziwa ndime imeneyi limaima mosiyana pa kauntala ya polisi ndi kholo limene silikuidziwa.

Kodi malamulowa amathandizadi munthu wamba? Mukukumbukira vakabu. Kwa zaka zambiri, kuyambira nthawi ya atsamunda, munthu ankatha kugwidwa chifukwa chongopezeka pamsewu usiku kapena mbandakucha. Mu 2015 Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, anagwidwa m'mamawa akupita ku msika wa Limbe kukayamba malonda ake. Mothandizidwa ndi maloya, anapita ku khoti lalikulu kukatsutsa lamulolo. Mu Januwale 2017 oweruza atatu anagamula kuti ndime ya vakabu imene anamangidwira ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko lino. Wogulitsa majumbo anagonjetsa boma m'khoti la boma lomwelo. Mayi wathu wa tomato uja amene amalawira kusanache amapindula ndi chigamulo chimenechi, ngakhale mwina sanamvepo dzina la Gwanda.

"Ufulu sitidya"

Mawu awa timawamva m'minibasi, pamaliro ndi pachigayo, ndipo tisawapeputse. Thumba la chimanga likakwera mtengo, mwana wamaliza Fomu 4 koma ntchito palibe, kuchipatala mankhwala atha, munthu amafunsa kuti matipate anatipindulira chiyani. Ena amafika ponena kuti bola kale. Kudandaula kumeneku n'koona, ndipo umphawi umene aepiskopi anaudandaula mu 1992 sunathe.

Koma tiganizire zinthu ziwiri. Choyamba, amene akunena kuti ufulu sitidya akugwiritsa ntchito ufulu womwewo ponena zimenezo. Umphawi unalipo kale, koma kuutchula unali mlandu, pakuti dziko linkauzidwa kuti aliyense ali ndi chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha. Chachiwiri, ufulu ndi khasu, si nsima. Khasu silidyedwa, koma amene alibe khasu amadikira kupatsidwa. Pa njala ya 2002 mipingo, mabungwe ndi atolankhani anafuula kuti anthu akufa m'midzi mpaka boma linavomera ndi kupempha thandizo. Kubedwa kwa ndalama za boma kumene kunadziwika mu 2013 ndi dzina loti Cashgate tinakumva pa mawayilesi ndi m'nyuzipepala, ndipo ena anamangidwa. Kuba sikunayambe ndi matipate. Chimene chinayamba ndi matipate n'chakuti eni ndalama, amene ndi ife, timamva. Ndipo mu 1994, 2014, 2020 ndi 2025 Amalawi anachotsa Pulezidenti amene anali pampando ndi voti chabe. Mu Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019 chifukwa cha zolakwika zambiri, kuphatikizapo kufufuta manambala ndi Tipp-Ex. Mu Africa muno zoterezi zinali zitachitikapo ku Kenya kokha.

Tithokoze yani, ndipo motani?

Wakhate uja anabwerera kwa amene anamuchiritsa. Ifenso tisasochere pothokoza. Ufulu wachibadwidwe si mphatso ya Pulezidenti kapena ya chipani. Munthu amabadwa nawo chifukwa analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo ntchito ya boma ndi kuuteteza. Ndime 12 ya malamulo athu imanena kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo atsogoleri amangosungitsidwa. Choncho phungu akabweretsa mjigo, kumuthokoza ndi ulemu wabwino, koma tisaiwale kuti ndalama zake n'zamisonkho yathu. Kumugwadira ngati watichitira chifundo ndi kubwerera m'mbuyo. Oyenera kuwakumbukira ndi amene analipira mtengo: amene anafera m'ndende, amene anawomberedwa mu Meyi 1992, akatekisiti ndi ansembe amene anawerenga kalata ija mawondo akunjenjemera, ndi amayi amene anaibisa m'nyumba zawo.

Madzi saiwala khwawa. Mu 1995 aphungu anachotsa ndime 64 imene inkapatsa anthu mphamvu zochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Mu Julayi 2002 bilu yofuna kuchotsa malire a nthawi imene Pulezidenti angalamulire inalephera ndi mavoti atatu okha, mipingo italimbana nayo kwambiri. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 ndi tsiku lotsatira anthu 20 anaphedwa. Pafupi ndi ife pompano, mu Okutobala 2019, wapolisi anaphedwa ndi gulu la anthu kwa Msundwe, ndipo pambuyo pake amayi ndi atsikana a kwa Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anachitidwa nkhanza zogwiriridwa ndi apolisi. Amayi 18 analimba mtima kupita kukhoti, ndipo mu Ogasiti 2020 khoti lalikulu linalamula kuti apepesedwe ndi ndalama. Wapolisi uja anali ndi ufulu wokhala ndi moyo, amayi aja anali ndi ufulu wolemekezedwa, ndipo onse anaphwanyiridwa.

Nkhani imeneyi ikutifikitsa pa mfundo yovuta kuimeza. Si boma lokha limene limaphwanya ufulu. Mu Januwale 2012, patatha zaka pafupifupi 20 lamulo la zovala litachotsedwa, amayi ovala mathalauza anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre. Amene anachita zimenezi sanali ayufi, anali anyamata a m'misika yathu. Tikamva kuti "wakuba!" ku Kawale kapena ku Area 25 n'kuthamanga ndi miyala ndi petulo, timakhala tamuweruza munthu popanda loya, popanda mboni, monga ankachitira mabwalo amene tinawakana aja. Tikathamangitsa gogo pamudzi pomunamizira ufiti, tikagwetsa mbendera ya chipani china, tikaleka kugula pa okala ya mnzathu chifukwa cha kumene amachokera kapena kumene amapemphera, tabweza khadi lija pachipata. Ndime 15 imanena kuti ufulu wa m'mutu wachinayi uyenera kulemekezedwa ndi nthambi zonse za boma, komanso ndi munthu aliyense pamene zikumukhudza.

Palinso ufulu umene timangousiya kuti uchite dzimbiri. Kuyambira mu Seputembala 2020 lamulo limalola nzika kupempha maofesi a boma kuti aionetse zikalata za mmene ntchito ndi ndalama zikuyendera. Ndi angati mwa ife amene anafunsapo mmene ndalama za chitukuko cha m'dera lathu zagwirira ntchito? Misonkhano ya komiti ya sukulu kapena ya chitukuko ikaitanidwa, timapezekako angati? Ena a ife tinaima pamzere kuyambira mbandakucha mu 1993, koma lero pa chisankho cha khansala timati tatanganidwa.

Zokambirana

Mtsogoleri apemphe wachikulire mmodzi kapena awiri kuti afotokoze zimene anaona ndi maso awo chisanafike chaka cha 1994, zabwino ndi zowawa zomwe, popanda kutchula mayina a anthu a m'dera lino amene anali mbali iyi kapena iyo. Achinyamata amvetsere kaye, afunse pambuyo. Kenaka kambiranani mafunso awa.

1. Ndi zinthu ziti zimene mwachita sabata yathayi zimene mu 1985 zikanakuikani m'mavuto?

2. Mnzanu akakuuzani kuti ufulu sitidya, mungamuyankhe bwanji popanda kupeputsa njala yake?

3. M'dera lathu lino, ndani amene ufulu wake umaphwanyidwa kawirikawiri ife tikuonerera? Tchulani zochitika, osati mayina. Mphakati wathu ungachitepo chiyani mwezi uno?

Pomaliza sankhani anthu awiri, mayi ndi bambo, kuti akapeze buku la malamulo oyendetsera dziko lino kudzera ku komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya parishi, ndipo pa msonkhano wotsatira adzawerengere gulu lonse ndime 42.